Kavalo Amene Ndidakana Kumuthawitsa

Zimitsani kaye tinyimbo ta m'fonimo. Iwe Selina, ndikukuona, nkhope wayang'ana kwa ine koma chala chikadali pagalasi. Bweza foni ya amayi ako. Mwandifunsa kangapo konse kuti chishalo chopachika kudengacho n'cha chiyani, poti pakhomo pano palibe ngakhale mbuzi. Ndamvanso kuti wina mwa inu adauza anzake kusikola kuti agogo ake adali msilikali wa pa kavalo. Bodza limenelo ndalikonda, koma ndi bodza. Ine ndidali wosesa ndowe za akavalo a eni ake, ndipo kavalo wangawanga ndidakhala naye mmodzi yekha moyo wanga wonse. Dzina lake adali Fumbi. Adafa ndikumuyang'ana, ndipo ku Zobwe kuli abale anu enieni amene mpaka lero amati ndidamupha ndine. Ndiye khalani pansi mumve kwa mwini wake.

Muyambe mwawadziwa achimwene anga, malemu a Tome. Nthawi ya nkhondo mudzi wathu udali mkati mwa Mozambiki muno, kutali ndi malire, ndipo ine ndidali mnyamata wa ndevu kale koma wosamva za munthu. Bambo athu adakana kuthawa. Adati munda wawo wa mapira sangausiyire anyani. A Tome ndi amene adandigwira padzanja n'kundikoka kudutsa m'mapiri mpaka ku Mwanza, ku Malawi. Tidayenda masiku atatu tikudya masau ouma ndi malambe oviika m'madzi a m'zithaphwi. Inu malambe mumawadziwa a m'timapepala tozizira ta pamsika, othira shuga. Athu adali owawasa mpaka mano kuyayamira, ndipo tinkalimbirana. Amene tidathawa tidapulumuka. Amene adatsala, pamodzi ndi bambo athu, manda awo sitiwadziwa.

Kuyambira pamenepo anthu akwathu chidawalowa m'mutu ndi chimodzi: zikavuta, nyamula chako uchoke. Sindikuwanyoza ayi, poti kuthawa komweko n'kumene kwachititsa kuti inu mubadwe. Chikuku chikalowa m'mudzi, ana amatumizidwa kwa azakhali. Chitopa chikayamba, nkhuku zimakwera njinga m'dengu kupita kutsidya kwa mtsinje. Ng'ombe zikayamba kugwa, khola lonse limasamuka. Timati kuthawitsa, ndipo munthu wothawitsa ziweto zake timamuyesa wochenjera.

Ku kampu ya othawa ndidatopa ndi kufola pamzere wa nandolo ndi ufa wachikasu, ndiye ndidazemba n'kupita ku Thyolo kukafuna ganyu ku minda ya tiyi. Kuthyola tiyi kudandikanika, manja angawa ndi a khasu. Kapitawo adandiponya ku khola la akavalo, komwe anthu ankakana kugwirako poopa matheche. Kumeneko kudali nkhalamba ina yopanda mano akutsogolo, kavalo ndiye adawagulula, ndipo ndi imene idandiphunzitsa ntchito. Kavalo umamufikira cha paphewa, ukumuyankhula. Sumudzidzimutsa, sumunamiza. Idandiuzanso chinthu china chomwe panthawiyo ndidangochiseka. Idati, "Mozambiki iwe, m'mawa uliwonse uziyang'ana pamwamba pa maso a kavalo. Pali timaenje tiwiri. Tsiku lomwe udzapeze timaenjeto tadzaza, ukanole khasu."

Mtendere utabwera tidabwerera. A Tome adakhazikika ku Zobwe n'kuyamba kuweta abulu onyamula kachewere, kabichi ndi tomato kupita nazo kumsika wa pamalire. Ine ku Zobwe kudandichepera. Ndidatsikira kuno ku Moatize kotentha kuno, n'kuyamba kuumba njerwa ku Chipanga. Dothi la ku Chipanga lidali lomvera, ana inu, njerwa yake ukaigogoda inkalira. Kumeneko ndidapeza agogo anu aakaziwa, a Luwiza, akutungira madzi anthu oumba njerwa, ndipo adandikana kawiri asanandilole. Akuseka apowo, afunseni. Tidamanga, tidabereka amayi anu ndi amalume anu. Kenako kudabwera anthu a zipewa zolimba ndi mapepala, nati pansi pa nyumba yathu pali malasha. Adatipatsa nyumba ino ya m'bairo, dera latsopano la 25 de Setembro, ya malata ndi simenti, koma yopanda dothi loumbira, yopanda pomangirira bulu. Abulu anga awiri okoka ngolo ya njerwa ndidawagulitsa. Muwerenge nokha: nkhondo idandisamutsa, mtendere udandisamutsa, malasha adandisamutsa. Ndidalowa m'nyumba muno ndili ndi mkwiyo wosowa pouika.

Masiku amenewo Moatize idapenga. Makamyau, malole aja onyamula katundu wa ku mgodi, ankadutsana tsiku lonse, fumbi lakuda n'kumatera ngakhale pa zovala zoyanika. Anthu ena ndalama zinkawayabwa m'thumba. Tsiku lina ndili pamalo omwetsera mafuta kufuna ganyu, padaima galimoto yonyamula akavalo. Mmodzi adali atasokonezeka ndi kutentha, akumenya zitsulo ndi matheche, ndipo oyendetsa galimotoyo ankamukwapula ndi mapaipi. Ndidawakankha, ndidakwera, ndidavula malaya n'kumuphimba kumaso, n'kumamuyankhula mmene ndidaphunzirira ku Thyolo. Adazizira. Mwini wake, mkulu wina wa makamyau ambiri amene tonse tinkangomutchula kuti patrau, ndiye kuti bwana, adandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kundifunsa ngati ndili pantchito. M'mawa mwake ndidali ku kinta kwake, famu ya m'mbali mwa msewu wa ku Zobwe, usanafike ku Kaphiridzanje. Akavalo adalipo asanu ndi awiri. Ntchito yawo idali yonyamula ana a mabwana a ku mgodi Loweruka ndi Lamulungu, basi, masiku enawo kudya ndi kugona kuposa ine.

Chaka chachiwiri kavalo wina wamkazi adabereka kamwana kopindika mwendo wakutsogolo. Patrau adakayang'ana kamodzi n'kutuma munthu kukatenga mfuti. Ndidati, "Patrau, chipolopolo chanucho sungani, kameneka mundipatse ine." Adaseka, nati n'kanga, ndikakadye ngati ndikufuna. Ndidakamanga mwendo ndi timitengo ta nsungwi, n'kukulunga ndi chitenje cha agogo anuwa chomwe ndidachiba pachingwe. Mlandu wa chitenje chimenecho sunathe mpaka lero. Miyezi itatu ndinkamasula ndi kumanganso, kusisita ndi mafuta a nsatsi. Mwendo udawongoka, kungotsala kutsimphina pang'ono pothamanga. Ubweya wake udali wotuwa modera, mtundu weniweni wa fumbi la ku mgodi, ndipo dzina lidachokera pamenepo.

Masau ankawakonda kuposa inu, ndipo ankadziwa thumba lomwe ndinkasungamo. Atakula, kamodzi pamwezi ndinkamumanga chishalo chili kudengacho n'kumukwera kubwera naye kuno. Anthu a m'bairo muno, amene ankandidziwa ngati mkulu wochotsedwa ku Chipanga wosowa chochita, ankatuluka m'nyumba kudzandiona ndili pamwamba. Ndisakunamizeni, ndinkanyada, khosi lili gwa. Chilichonse chomwe ndidakhalapo nacho, wina ankabwera kudzandiuza kuti ndichisiye. Fumbi ndidamulera ndi manja angawa, ndipo padalibe munthu wa pepala woti n'kudzandilanda.

Chaka chomwe Fumbi adakwanitsa zaka zitatu mvula idagwa mopitirira. Mwezi wachitatu madzi adali akadali m'madambo, matope osakanikirana ndi ndowe ponseponse. M'mawa wina ndidalowa m'khola n'kupeza kavalo wamkulu wakuda, amene patrau ankamunyadira kwambiri, wazyolika mutu, thukuta lili chuchuchu. Ndidayang'ana pamwamba pa maso. Timaenje tija tidali titadzaza, titatupa ngati mazira a nkhuku. Tsiku lachiwiri thovu loyera lidayamba kutuluka m'mphuno, akupuma movutikira nthiti zonse zikuoneka, ndipo dzuwa lisanapendeke adagwa. Sabata isanathe wina adamutsatira.

Pano ndinene cholakwa changa, musadzachimve kwa ena. Ku Thyolo akavalo ankabayidwa katemera chaka chilichonse mvula isanayambe. Ndidamuuza patrau kawiri, iye n'kumati mwezi wamawa. Zaka zitadutsa popanda vuto, nanenso ndidaleka kukakamira. Ine amene ndimadziwika ndi makani, pamene makani ankafunika ndidakhala chete.

Kudabwera dotora wa ziweto wa boma, mayi wachitsikana wochepa thupi, pa njinga yamoto, nsapato zili matope okhaokha. Patrau adamuderera, nanenso ndidamuderera. Adang'amba mtembo, adatenga magazi, kenako adatiika pansi tonse pamodzi ndi anthu a midzi itatu yoyandikana ndi kinta.

"Matendawa sayenda ndi mpweya, sayenda ndi madzi akumwa," adatero. "Amayenda ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu. Timaswana m'matope, timaluma kuyambira dzuwa likamalowa mpaka mame atauma. Tikaluma chiweto chodwala, timakapatsira china. Mankhwala ochiza palibe. Katemera ndaitanitsa, koma amatenga masabata kuti agwire. Ndiye mumve bwino. Kavalo aliyense ndi bulu aliyense wa m'dera lino asachoke. Giya, kalata yoyendetsera ziweto, sindilemba mpaka kuzizire, ndipo padutse masiku makumi anayi popanda chodwala."

Pa mawu akuti bulu anthu adang'ung'udza. Midzi imeneyo imadya makala, ndipo abulu ndiwo amakoka ngolo za makala kupita nazo kumsewu ndi ku Moatize. Komanso abuluwo sankadwala. Dotora adati msampha uli pomwepo. Bulu amasunga matendawa m'magazi kwa masabata akudya bwinobwino, ndipo kavalo naye amatha pafupifupi sabata ali nawo asanaonetse. Ukamuthawitsa, wanyamula matenda kupita nawo komwe kulibe. Anthu adagwedeza mitu ngati amva, koma ine anthu akwathu ndimawadziwa. Aliyense adali atayamba kale kuganiza za mbale wake wokhala kutali.

Tidagwira ntchito, osati yanu ija yotsuka mbale ziwiri n'kumadandaula msana. Maneti a udzudzu tizilomboto timangodutsa, ndiye tidatchinga khola lonse ndi neti yobiriwira ija ya ku nazale za mbewu, yopinda kawiri, n'kumaipopera mankhwala a dibi. Dzuwa likangopendeka akavalo onse mkati, utsi wa ndowe zouma ndi masamba aawisi uli tolotolo pakhomo, ndipo sankatuluka mpaka mame atauma pa udzu. Zithaphwi tidakwirira. Kawiri patsiku ndinkayeza kutentha kwa aliyense ndi kagalasi kolowetsa kumchira, n'kumalemba ndi khala pakhoma. Agogo anuwa adasiya nyumba n'kubwera ku kinta kudzandiphikira, poti ndidali nditaiwala kudya.

Wachitatu atafa, patrau adabwera ndi galimoto nati tikweze otsalawo apite nawo kwa mnzake kutali, dotora asadziwe. Ndidakhala pachitsa n'kupinda manja. Ndidati, "Kwezani nokha, patrau." Anthu ake a makamyau adayesa mpaka thukuta, koma kavalo salowa m'galimoto chifukwa cha munthu amene sakumudziwa. Adandiopseza kuti andichotsa. Ndidamuuza kuti adandichotsapo kale pamalo anthu akuluakulu kuposa iye. Galimoto idabwerera yopanda kanthu, ndipo ntchito sadandichotse, poti akadatsala ndi ndani wowasamalira.

Dotora adali ndi njinga imodzi ndi dera lonse loti aliyendere, ndiye ulonda wa abulu ndidadzipatsa ndekha popanda wondituma. Masana ena ndidakumana ndi a Jeke, mkulu wootcha makala, Mnyungwe, akukusa abulu awo atatu panjira ya kuseri kwa phiri kulowera kwa apongozi awo. Ndidaima pakati pa njira.

"Mukupita nawo kuti, a Jeke?"

"Bulu wangu an'dwala lini, baba," adayankha m'Chinyungwe chawo. "Patukani ndipite."

"Sadwala, koma wanyamula. Bwererani nawo."

Anthu adayamba kusonkhana, amayi ochokera kumunda ndi ena a makala. A Jeke adandiloza ndi mkwapulo. "Imwe mukulimba mtima thangwe akavalo akufawo ndi a patrau. Wanu wotsimphina uja, zinthu zikafika pafupi, tidzakuonani mukumuthawitsira kwa abale anu ku Zobwe. Tonse tikudziwa kuti kumapiri n'kozizira, tizilomboti n'tochepa."

Ndidalumbira pamaso pa anthu onsewo. Ndidati Fumbi sadzaponda kunja kwa mpanda wa kinta mpaka dotora atatsegula njira, afe kaya apulumuke, ndipo akadzandiona ndikumutulutsa, aliyense atulutse wake. A Jeke adandiyang'ana, adalavula pansi, n'kutembenuza abulu awo. Ndidabwerera ku kinta ndikudzimva kuti ndine mwamuna, poti tsiku limenelo Fumbi adali bwinobwino, akunditafuna malaya.

Amene adaimbira foni a Tome ndi agogo anuwa. Musawayang'ane choncho, adachita pondimvera chisoni. A Tome adafika m'mawa wina pa shapa yoyamba, minibasi zathu zija, chingwe chatsopano chili paphewa, m'thumba muli kamba wa panjira, mbatata yootcha ndi chimanga chokazinga. Chifuwa chidali chitayamba kale kuwavuta, koma adabwera atakonzeka kuyenda wapansi masiku awiri m'tchire.

"Zuze, tulutsa kavalo wako," adatero atangomwa madzi. "Njira ya kumapiri ija ndikuikumbukira. Sitidutsa pamsewu, palibe atione. Mkuja tili ku Zobwe. Kwathu kwayamba kale kuzizira."

"Sizitheka, achimwene."

"Wadwala?"

"Sanadwale. Ndamuyeza m'mawa uno."

"Ndiye ukudikira chiyani? Kuti adwale?"

Ndidawafotokozera za magazi, za sabata yomwe matenda amabisala. Ndidawakumbutsa kuti abulu awo amagona pamsika wa pamalire pamodzi ndi abulu a ku Mwanza ndi a ku Angonia, ndipo kuchokera pamenepo matenda akhoza kuyenda mpaka ku makola a ku Thyolo komwe ndidaphunzirira ntchito. Ndidawauza kuti ndidalumbira pagulu, ndipo Fumbi akangotuluka m'mawa, pofika madzulo abulu a midzi itatu akhala ali panjira.

"Mawu otere ndidawamvapo," adatero a Tome motsitsa. "Bambo adayankhula chonchi ataima pamunda wawo wa mapira. Manda awo ukuwadziwa iwe? Ine ndidakukoka padzanja ukufuna kutsala. Ukadatsala bwenzi uli kuti? Ife ndife anthu opulumuka pothawa, Zuze. Usaiwale zimenezi chifukwa cha kamtsikana ka pa njinga yamoto."

Mawuwo adandilasa, chifukwa ambiri mwa iwo adali oona. Koma mkwiyo wanga wa zaka zonse udakwera. Ndidati, "Achimwene, moyo wanga mudaupulumutsa ndinu, sindikana. Koma paja tinkathawa mfuti, ndipo mfuti sitidainyamule m'magazi kukaipereka kwa amene adatilandira. Ichi tikathawa nacho, tikapha ziweto za anthu omwe adatipatsa pogona. Ine ndathawa kokwanira. Chimene chabwerachi chithera pompano."

"Ngakhale chithere pa kavalo wako?"

"Ngakhale."

Agogo anu adali atapha nkhuku. A Tome adanyamula chingwe chawo n'kupita kukadikira shapa kumsewu, osalawa kanthu, osatsanzika. Inu simungadziwe kulemera kwake, poti masiku ano mumachoka pakhomo ndi kungokweza dzanja. Kwathu mkulu wako akakana chakudya cha pakhomo pako ndiye kuti wakufufuta. Agogo anu adakhala pansi pafupi ndi mafuwa n'kunena kuti, "Makani anuwa, bambo a ana, tsiku lina mudzatsala nawo nokha." Nkhukuyo tidapatsa alonda.

Musaganize kuti mtima wanga udali mwala. Tsiku lachitatu achimwene atachoka, ndidamumanga Fumbi chingwe masana n'kuyenda naye mpaka pa chipata cha kumbuyo. Mapiri a ku Zobwe ankaoneka bwinobwino, obiriwira, ngati pafupi. Ndidagwira waya wotsekera. Kutsidya kwa mpanda mkazi wa a Jeke adali akukolola nyemba, ndipo adaweramuka n'kungondiyang'ana. Ndidaima pamenepo kanthawi, kenako ndidasiya waya uja n'kumubweza Fumbi kukhola.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kagalasi kadakwera. Ndidakapukuta n'kuyezanso, n'kuyezanso kachitatu. M'mawa mwake timaenje tidadzaza. Dotora adabwera, adamubaya zochepetsa ululu, nandiuza kuti ndisamuyendetse ngakhale phazi limodzi, poti ena amapirira. Ndidamupukuta ndi nsalu yonyowa, ndidamuviikira gaga m'madzi, ndidamuikira masau pakamwa koma adangowasunga osatafuna. Mutu udatupa mpaka m'khosi. Tsiku lachinayi la kudwala kwake, masana, adatsamiritsa mutu wake paphewa panga, wolemera ngati thumba la chimanga, ndipo thovu lidandinyowetsa malaya. Atagwa ndidakhala pansi pambali pake mpaka agogo anu adabwera kudzandidzutsa. Ndidalira kuposa mmene ndidalirira nyumba ya ku Chipanga, ndipo sindichita nazo manyazi.

Dzenje la kavalo ndi lalikulu, ndipo dotora ankafuna lakuya, lothira laimu. Ndidayamba kukumba ndekha. Litafika m'mawondo ndidamva makasu ena kumbuyo kwanga. Adali a Jeke ndi anzawo a makala. Sadandipepese, adangolowa m'dzenjemo n'kuyamba kutaya dothi. Tikumaliza kukwirira, a Jeke adati, "Tamuona, baba. Wafera pano." Kuyambira tsiku limenelo palibe bulu adatuluka m'midzi imeneyo. Makala ankasenza pamutu ndi panjinga mpaka kumsewu, amuna ndi akazi omwe, miyezi iwiri yathunthu. Ndikudziwa kuti ankanditukwana chamumtima, koma abulu adakhala m'makola.

Fumbi adali womaliza kufa. Katemera adagwira mwa anayi otsalawo, mphepo yozizira idabwera, tizilombo tidatha, masiku makumi anayi adakwana, ndipo dotora adatsegula njira. Ku Zobwe matenda sadafike, kutsidya kwa malire sadawoloke. Tsiku lomwe dotora ankalemba giya yoyamba ndidamufunsa funso lomwe linkandidya. Ndidati, "Dotora, tsiku lomwe achimwene adabwera lija, Fumbi adali nawo kale m'magazi, kapena adalumidwa pambuyo pake?" Adasiya kulemba. Adati masiku asanu ndi limodzi ali pakati penipeni, zikhoza kukhala uku kapena uku, ndipo sangandinamize. Ndiye dziwani, ana inu: mwina tsiku limenelo ndidatsekera matenda njira ya kumapiri, mwina ndidangosunga pamalo a imfa kavalo amene akadakhala moyo. Sindidzadziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pepala la boma palokha silikadasunga abulu a midzi itatu.

Kenako malasha adatsika mtengo, mabwana ambiri adapakira, patrau adagulitsa akavalo ndi kinta yomwe, ine n'kubwerera kuno. A Tome adakhala zaka zitatu osandiyankhula. Pa ubatizo wako, Selina, adatumiza mbuzi koma eni ake sadabwere. Nanenso sindidapiteko, poti ndinkati wolakwa si ine.

Chaka chachinayi uthenga udabwera kuti chifuwa chija chawagoneka. Ndidakwera shapa. Ndidawapeza ali pamkeka pakhonde, thupi litatha. Tidapatsana moni ngati alendo. Kenako adati ndiwadzutse, ndipo atatsamira pa ine adanditsogolera kuseri kwa nyumba. Pansi pa mtengo wa mapichesi padali khola lomwe sindidalionepo. Nsichi zake zidali zazitali kuposa za khola la abulu, denga la udzu litayamba kugwa, chodyeramo chosema pamtengo chitakwezedwa kufika m'chiuno. Mkati mudali mutamera udzu, mopanda ndowe ngakhale imodzi.

"Ndidamanga masiku anayi ndisanatsike kudzamutenga," adatero. "Ndidachita kufunsa anthu kuti kavalo amatalika bwanji. Ana akhala akufuna kuikamo mbuzi, ndimawakaniza."

Ndidagwira nsichi imodzi. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti adabwera ku kinta kudzandilamula ngati mwana. Sindidaganizepo kuti munthu wachifuwa ameneyu adadula mitengo yekha kukonzera pogona kavalo wa mng'ono wake.

"Ukadandipatsa, Zuze," adatero. Sadanene mokalipa ayi. Ankangofuna ndivomere kamodzi asanapite.

Achimwene anga ndinkawakonda kuposa aliyense amene ndidabadwa naye, ndipo ndidadziwa kuti sindidzawaonanso ali moyo. Liwu limodzi lokha likadawakwanira. Misozi ikutsika, ndidawagwira mwamphamvu kuti asagwe, n'kuwauza kuti, "Khola mudamanga labwino, achimwene. Koma ngakhale lero, sindikadakupatsani."